Ngozi inatha kalekale koma thupi silinamve

Zaka zingapo zapitazo ndinali mu minibasi yomwe tayala lake lakutsogolo linaphulika tili paliwiro, galimoto inayamba kuvina mumsewu kenako n'kukagona cham'mbali mu ngalande. Ine sindinavulale kwenikweni, kungosupuka pachigongono basi, moti madzulo ake ndinali kunyumba ndikufotokoza nkhaniyo uku tikuseka. Koma patapita miyezi ngati itatu ndikudutsa pena pake pomwe anyamata amawotcha matayala, fungo lija litangondilowa m'mphuno mtima unayamba kugunda ngati ng'oma, m'manja thukuta lokhalokha, miyendo njenjenje, mpaka ndinachita kukhala pansi m'mbali mwa msewu anthu n'kumandiyang'ana ngati ndaledzera masanasana. M'mutu ndimadziwa bwinobwino kuti palibe chikuchitika. Thupi ndi lomwe silimamva zimenezo.

Kuti timvetse zimenezi tiyambe ndi mawu, chifukwa pa Chichewa timangoti mitsempha kutanthauza zinthu ziwiri, yodutsa magazi ndi yodutsa mauthenga. Ine pano ndikunena yamauthengayi, yomwe imachoka ku ubongo, kutsika m'fupa la msana n'kumwazikana thupi lonse. Mbali ina ya mitsempha imeneyi timailamula tokha, ukafuna kukweza mkono umakweza. Koma pali mbali ina yomwe simatifunsa, ndi yomwe imayendetsa mtima, kupuma, kugaya nsima m'mimba, thukuta, malovu, olo uli mtulo iyo ili pantchito. Mbali imeneyi ili ndi nthambi ziwiri, madokotala amati sympathetic ndi parasympathetic, koma inu mungoganiza za dalaivala, phazi lina loponda moto, lina la buleki. Buleki yaikulu ndi mtsempha wotchedwa vagus, umachokera kunsi kwa ubongo, kudutsa m'khosi, kukafika ku mtima, mapapo ndi matumbo. Chosangalatsa ndi choti pafupifupi magawo 80 pa 100 a timaulusi take timanyamula uthenga kuchoka m'thupi kupita ku ubongo osati kutsika ayi, nde tikamati "m'mimba mwanga mwandiuza" sikuti tikungoyankhula mwachimidzi, m'mimba mumatumizadi malipoti.

Tsopano mkati mwa ubongo, cha kuseri kwa makutu uku ndi uku, muli tizigawo tiwiri tating'ono totchedwa amygdala. Ameneyu ndi mlonda wa pakhomo ndipo wenzulo yake imakhala pakamwa nthawi zonse. Wasayansi wina wa ku New York, Joseph LeDoux, anachita kafukufuku pa makoswe n'kuonetsa kuti uthenga wa zoopsa umayenda njira ziwiri. Ina ndi yachidule, imafika kwa mlonda uja mwachangu koma chithunzi chake chimakhala chosaoneka bwino. Ina ndi yozungulira, imadutsa kaye ku mbali za ubongo zomwe zimaona bwinobwino ndi kuganiza. Nchifukwa chake ukamayenda kumunda n'kuona chinthu chakuda chopindika m'njira umayamba wadumpha kaye, kenako ndi pomwe umazindikira kuti ndi chingwe cha njinga chakutha. Kudumpha kuja sunasankhe iwe. Ndipo mlondayu sanalakwe, kudumphira chingwe ka 100 sikupha munthu koma kuima n'kumafufuza mamba kamodzi kokha ndi maliro.

Wenzulo ikangolira phazi la moto limaponda mpaka pansi. Pamwamba pa impso iliyonse pali kachiwalo kakang'ono, tiziwalo timeneti timathira homoni yotchedwa adrenaline m'magazi mu masekondi ochepa chabe, nde zonse zomwe timazidziwa zija zimayamba, mtima phaphapha, kupuma mwa befu, chiwindi chimatulutsa shuga kuti minofu ipeze mphamvu, magazi amachoka pakhungu ndi m'matumbo kupita ku minofu ikuluikulu ya miyendo ndi mikono, ndi chifukwa chake m'manja mumazizira, mkamwa mumauma gwa, thupi limachita tsembwe, ena m'mimba mumabwadamuka mpaka kudzionongera, ndipo zimenezo sizamanyazi, msilikali wamkulu zimamuchitikira. Munthu amene anayamba kulongosola izi ndi Walter Cannon wa ku Harvard cha mu 1915, iye anaona kuti amphaka akaopsezedwa m'mimba mwawo mumasiya kugaya chakudya, ndipo ndi amene anabweretsa mawu oti thupi limakonzeka kumenya kapena kuthawa. Pambuyo pa adrenaline pamabwera gulu lachiwiri lochedwerapo, ubongo umatumiza mahomoni mopatsirana mpaka tiziwalo ta pa impso tija titulutse homoni ina yotchedwa cortisol, yemwe amafika pachimake patapita mphindi 20 kapena 30. Ntchito yake ndi kusunga shuga wokwanira m'magazi ndi kuimitsa kaye zinthu zomwe sizachangu, kenako iye yemweyo amabwerera ku ubongo kukanena kuti basi zakwana, tsekani.

Koma apa ndi pomwe ndikufuna tikhalitsepo, chifukwa kumenya ndi kuthawa aliyense amazimva, chomwe anthu sitimvetsa ndi chachitatu, kuuma. Amene munakulira kumudzi mukudziwa kuti nkhuku ukaigwira n'kuigoneka chagada, kuipanikiza pang'ono kenako n'kuisiya pang'onopang'ono, imatha kukhala pomwepo phee osagwedera ngati yafa pomwe palibe akuigwira. Si kupusa kwa nkhuku. Nyama ikaona kuti kuthawa kwakanika, kulimbana kwakanika, ubongo umasankha njira yomaliza, kuumitsa thupi, poti zilombo zambiri zimasiya chidwi pa chinthu chomwe chasiya kuphiriphitha. Anthufe tili nazo zomwezo. Miyendo imakana, mawu amakana kutuluka pakhosi olo ukufunitsitsa kukuwa, ena amamva ngati achoka m'thupi mwawo akuonerera chapatali ngati filimu, ena nthawi imayenda pang'onopang'ono, ena amakomoka kumene poti mtima ndi BP zimatsika mwadzidzidzi. Ngakhale ululu umatha kuzimitsidwa chifukwa thupi lili ndi mankhwala akeake opha ululu. David Livingstone yemwe uja tinaphunzira ku pulayimale anagwidwa ndi mkango mu 1844 ku Mabotsa, ku South Africa, unamuphwanya mkono wamanzere, koma iye anadzalemba kuti utamugwedeza anangokhala ngati ali kumaloto, osamva kuwawa, osamva mantha, chonsecho akuona zonse zomwe zimachitika.

Nde taganizani za mtsikana yemwe wagwiriridwa, wafika kunyumba, funso loyamba la azakhali ake ndi lakuti "nanga bwanji sunakuwe? anthu anali pafupi pomwepo." Ena mpaka amagamula kuti ndiye kuti amafuna. Ku Stockholm, dziko la Sweden, ofufuza anafunsa amayi 298 omwe anafika ku kiliniki yothandiza ogwiriridwa, zotsatira zinatuluka mu 2017, ndipo 70 pa 100 alionse anati thupi lawo linauma panthawiyo, pafupifupi theka anati linauma kotheratu. Kutanthauza kuti kuuma si chachilendo, ndi chomwe chimachitikira ambiri. Ine funso la "bwanji sunakuwe" limandinyansa chifukwa munthuyo amakhala akudzifunsa kale yekha usiku uliwonse, ndipo manyazi amenewo pena amapweteka nthawi yaitali kuposa mabala. Palinso ena omwe thupi lawo limasankha kugonja ndi kusangalatsa wankhanzayo, kumusekerera, kumupepesa, kumuphikira bwino, makamaka ngati ndi munthu yemwe ukukhala naye nyumba imodzi ndipo kothawira kulibe. Akunja amati "koma amaoneka osangalala bwanji", osadziwa kuti munthu akungogula mtendere wa tsiku limenelo.

Kukumbukira nakonso kumasokonekera, ndipo izi zimavutitsa anthu ku polisi ndi ku khoti. Pafupi ndi amygdala pali kachigawo kena, hippocampus, ameneyu ndi kalaliki, amalemba kuti chinthu chinachitika kuti, liti, chinayamba ndi chani n'kutha ndi chani. Pomwe kutsogolo kwa ubongo, kuseri kwa chipumi, kuli mbali yoganiza mofatsa yomwe imatha kuuza mlonda kuti khala chete ndi mphaka chabe. Mantha akafika pa mlingo woopsa mbali yakutsogoloyi imafooka, kalaliki naye amalemba modumphadumpha, koma mlonda amadinda mwamphamvu tinthu tomwe anationa pa nthawiyo. Nde munthu amakumbukira bwinobwino fungo la thukuta la wachiwembu, mtundu wa chikwanje, nyimbo yomwe imalira pa wailesi, koma mukamufunsa kuti inali nthawi yanji kapena analowera khomo liti amasokoneza, lero anena china mawa china, anthu n'kumati akunama. Ine za minibasi ija ndimakumbukira nsapato ya pulasitiki ya mwana ili pa galasi losweka, koma amene ananditulutsa sindimudziwa olo nkhope. Za fungo zili ndi chifukwa chakenso, uthenga wa m'mphuno uli ndi njira yaifupi kwambiri yofikira kwa amygdala kusiyana ndi wa maso kapena makutu. Komanso kafukufuku wina waung'ono wa mu 1996 ku Boston, wojambula ubongo wa anthu pomwe akuwakumbutsa zomwe zinawachitikira, anaona kuti mbali yopanga mawu imachepa mphamvu panthawiyo. Timati "ndasowa chonena", "ndinangoti kakasi", ndipo zikuoneka kuti ndi mmene zililidi mkatimo.

Pano ndinene chinthu cholimbitsa mtima chifukwa pa intaneti masiku ano chilichonse akuchitcha trauma (bala la m'maganizo lobwera ndi zoopsa), olo kukanidwa ndi chibwenzi. Bungwe la WHO limati anthu pafupifupi 70 pa 100 padziko lonse amakumana ndi chinthu choopsa kwambiri pa moyo wawo, koma mwa amenewo ndi pafupifupi 6 pa 100 omwe amadwala matenda omwe amati PTSD, oti mantha a zoopsazo sakuchoka olo zitatha kalekale. Kulota zoopsa, kudzidzimukadzidzimuka, kusowa tulo, kusafuna kudya masiku kapena masabata oyambirira si matenda, ndi thupi likutsitsa katundu, ndipo kwa ambiri zimazilala zokha. Madokotala amayamba kunena za PTSD zikapitirira mwezi ndipo zikusokoneza moyo wa munthu. Dzinali linalowa m'mabuku a madokotala a ku America mu 1980, makamaka chifukwa cha asilikali obwera ku nkhondo ya ku Vietnam, koma vutolo ndi lakale, pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse ankalitcha shell shock poganiza kuti mabomba agwedeza ubongo, ndipo asilikali ena ankangotengedwa ngati amantha.

Kwa amene sizinazilale, chomwe chachitika ndi choti kalaliki uja sanadinde deti pa nkhaniyo. Sinasungidwe ngati zakale, ili ngati ikuchitikabe. Mlonda yemwe anamenyedwapo ndi akuba usiku wina amayamba kuimba wenzulo pa chilichonse, mphaka, tsamba, mphepo, mpaka m'nyumba simugonedwa. Taganizani anthu a ku Chilobwe ndi madera ena a m'munsi mwa phiri la Soche, kapena ku Mulanje ndi Phalombe, omwe mu March 2023 namondwe wa Freddy anawagwetsera matope ndi miyala usiku, anthu oposa 600 anafa m'dziko muno ena mazanamazana osapezeka. Munthu amene anapulumuka zimene zija, mvula ikayamba kulira pa malata usiku, mukamuuza kuti "ndi mvula wamba iyi gonani" mukuyankhula ndi mbali yoganiza, pomwe yomwe yadzuka ndi ina, ndipo imeneyo simamva Chichewa kapena Chingerezi, imamva phokoso la madzi basi.

Ndipo zimabwera ndi nkhope ziwiri zomwe zimaoneka ngati zotsutsana. Wina amakhala moto uli woponda nthawi zonse, sachedwa kupsa mtima, chitseko chikamenyeka wadumpha, pa malo odyera amafuna kukhala poona khomo, tulo ndi twa maola awiri, mapewa ndi khosi zili gwa. Wina ndi zii, sakumva kukoma kapena kuwawa, mwana wake akuseka iye osamva kanthu, kutopa kosatha, kuiwalaiwala, anthu n'kumati wayamba ulesi kapena matama. Munthu mmodzi yemweyo amatha kumasinthasintha, m'mawa moto madzulo zii. Ndipo kwathu kuno ambiri sapita kuchipatala kukanena kuti ndili ndi nkhawa, amakanena kuti mutu, msana, mtima ukuthamanga, m'mimba mukuotcha, thupi lonse likuphwanya, ayezedwa malungo palibe, apatsidwa panado abwerera, mwezi wamawa abweranso. Ululu umenewo si wongopeka, minofu yomwe yakhala yokungika miyezi isanu imawawadi. Kungoti musathamangire kunena kuti zonse ndi maganizo, kayezetseni kaye, mwachitsanzo zilonda za m'mimba nthawi zambiri zimayamba ndi kachilombo kotchedwa H. pylori kapena mankhwala ena opha ululu, ndipo zili ndi mankhwala ake.

Sikuti mpaka pakhale ngozi imodzi yaikulu. Pali kulemedwa kwa tsiku ndi tsiku komwe sikupereka mpata wopuma, katapila akukusaka, bambo a m'nyumba akabwera ataledzera sudziwa kuti lero kugwa chani, kapena uli gadiyani kuchipatala miyezi itatu ukugona pansi pa bedi la wodwala. Wasayansi Hans Selye ku Montreal mu 1936 anaona kuti makoswe omwe amazunzidwa nthawi yaitali, kaya ndi kuzizira kaya ndi jakisoni, onse amathera pamodzimodzi, tiziwalo ta pa impso totupa, ziwalo za chitetezo cha m'thupi zofota, m'mimba zilonda. Makina omwe anapangidwira mphindi zochepa zothawa mkango akayaka zaka amayamba kudya mwini wake, BP, shuga, tulo, chitetezo, zonse zimakhudzidwa. Kwa ana nde nkhani ndi yaikulu poti ubongo wawo ukukula kumene. Kafukufuku wotchuka wa ku San Diego wa Vincent Felitti ndi Robert Anda, yemwe zotsatira zake zoyamba zinatuluka mu 1998 ndipo onse pamodzi anafunsa anthu oposa 17,000, anapeza kuti munthu akakumana ndi mitundu yambiri ya nkhanza ndi mavuto a m'banja ali mwana, mpata wodzadwala mtima, kukhumudwa kapena kumwa mwauchidakwa atakula umakweranso. Ndi mpata chabe osati chigamulo, ambiri amakula bwinobwino makamaka ngati panali wamkulu mmodzi yekha, agogo kaya aphunzitsi, yemwe amawapatsa pothawira. Mwana sanena kuti ndili ndi nkhawa, amayambiranso kukodza pogona, kukakamira amayi ake, kulakwa m'kalasi, nde ife timamuonjezera ndi chikwapu.

Nanga chimathandiza ndi chani? Choyamba chomwe sichithandiza, "limba mtima, mwamuna salira, zinapita zimenezo iwala." Akanatha kuiwala akanaiwala kalekale. Mowa umagonetsa usiku umodzi koma umaononga tulo tenitenito nde mawa mlonda amadzuka ali wolusa kuposa dzulo. Kukakamiza munthu kuti afotokoze zonse mwatsatanetsatane tsiku lomwelo nakonso WHO simalimbikitsa, chimodzimodzi mapilisi ogonetsa a mtundu wa diazepam kwa munthu yemwe wangokumana ndi zoopsa. Masiku oyamba munthu amafuna zinthu wamba, malo otetezeka, chakudya, tulo, kudziwa komwe kuli abale ake, ndi wina wokhala naye pafupi osamupanikiza ndi mafunso. Apa ine ndimaona kuti makolo athu anali ndi nzeru pa nkhani ya maliro, kugona pa siwa, kuimba usiku wonse, kulira mokweza pagulu, namfedwa osamusiya yekha. Thupi la munthu limakhazikika likakhala pafupi ndi thupi lina lodekha, ndi zomwe zija mwana wolira amatonthola akaberekedwa kumbuyo amayi ake akuyendayenda.

Buleki ija ilinso ndi pogwirira pamodzi pomwe tingaifikire mwadala, kupuma. Ukamakoka mpweya mtima umathamangirako pang'ono, ukamatulutsa vagus amautsitsa, nde kutulutsa mpweya pang'onopang'ono motalika kuposa mmene unakokera, kangapo, kumatsitsadi mtima. Kusamba kumaso madzi ozizira kumachitanso chimodzimodzi. Kuyenda, kulima, kuvina, kuponda pansi n'kutchula zinthu zomwe ukuziona panopa, zonsezi zimakumbutsa thupi kuti lili kuno osati kuja. Koma tisanamizane, izi ndi zozimitsira moto wa nthawi yomweyo, sizichiza. Ndipo chenjerani ndi a pa TikTok ogulitsa maphunziro a vagus ngati kuti ndi switchi, zambiri amazitenga pa chiphunzitso cha wasayansi Stephen Porges cha mu 1994 chomwe alangizi ambiri amachikonda koma asayansi ena amatsutsa mbali zake zikuluzikulu.

Chomwe chili ndi umboni wamphamvu ndi uphungu womwe umayang'ana pa chochitikacho mwadongosolo, monga CBT yokhudza trauma (uphungu wothandiza kusintha kaganizidwe ndi kachitidwe) ndi EMDR (kukumbukira chochitikacho uku ukuyendetsa maso uku ndi uku motsogozedwa ndi mlangizi). Mfundo yake ndi yoti mantha safufutika ngati choko pa bolodi, ubongo umaphunzira phunziro latsopano pamwamba pa lakalelo, loti fungo ili, msewu uwu, mdima uwu, panopa sizikupha. Ndipo sungaphunzire zimenezo ukumazemba, kuzemba kumapereka mpumulo lero koma kumauza mlonda kuti unalondola, pitiriza. Nde mlangizi amakuyandikizitsa pang'onopang'ono, mlingo womwe ungaupirire, mpaka nkhaniyo ipeze poyambira ndi pothera, kalaliki adinde deti. Koma ngati nkhanzazo zikuchitikabe m'nyumbamo, choyamba ndi chitetezo, simungauze mlonda kuti agone akuba ali pawindo. Ku Malawi kuno zipatala za maboma zimakhala ndi anamwino kapena makiliniko a za maganizo, kuli Zomba Mental Hospital, kuli St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe, ku polisi kuli Victim Support Unit, nambala ya 116 ndi yaulere pa nkhani za ana ndipo 5600 ndi ya nkhanza za pakati pa amuna ndi akazi. Wogwiriridwa afike kuchipatala asanathe maola 72 chifukwa cha mankhwala oteteza ku HIV, olo asanakonzeke kufotokoza zambiri. Ndipo amene wayamba kuganiza zodzipha asadikire mwezi uja, apite lero, kapena inu amene muli naye pafupi mumuperekeze.

Ine zanga zinali zazing'ono poyerekeza ndi za ena, sindinafike kwa mlangizi, koma ndinazindikira kuti ndayamba kuyenda wapansi mitunda yopanda nzeru pongozemba minibasi. Nde ndinayamba kukwera ka mtunda kakafupi, masiteji awiri okha, nditakhala pafupi ndi chitseko, ndikutulutsa mpweya pang'onopang'ono ngati ndikuuzira phala la mwana, kondakitala n'kumandiyang'ana modabwa. Sabata yotsatira masiteji anayi. Zinanditengera miyezi ingapo kuti ndifike pogona tulo m'galimoto ngati kale. Fungo la tayala lowotcha mpaka pano limandigwirabe pamtima kamphindi, mapewa amakwera okha, kenako ndimamva akutsika, ndipo mpando wa pamwamba pa tayala lakutsogolo uja ndimausiyirabe ena.